Kodi mafilimu a omenyera ufulu akuphunzitsa ana athu kukonda mfuti ndi mabomba?

Bambo wina wokhala ku Rosettenville, yemwe kwawo ndi ku Dedza, walemba kuti: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 17, amene anabadwira kuno ku Joni, waonera kangapo mafilimu a Kalushi ndi Silverton Siege. Tsopano akunena kuti amuna enieni anali okhawo amene ananyamula mfuti, ndipo kuti ena onse anali amantha. Ine ndimalemekeza anthu amene anamenyera ufulu wa dziko lino, koma mtima wanga suli m'malo. Kodi mafilimu otere satamanda uchigawenga? Ndimuletse kuonera?"

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ndiyamba ndi mbali yomaliza ya funso lanu: musamuletse. Mnyamata wa zaka 17 amene ali ndi foni m'thumba adzaonera kumbali zimene mwaletsazo, ndipo inuyo mudzangotaya mwayi wokambirana naye pa nthawi imene maganizo ake akadali ofewa. Funso lalikulu ndi loyambalo. Filimu siitamanda uchigawenga chifukwa chongoonetsa bomba likuphulika, kapenanso chifukwa choima kumbali ya anthu oponderezedwa. Imautamanda pamene yabisa nkhope ya munthu amene bombalo lamupha, n'kusiya woonera akusirira wophulitsayo popanda kumva kulemera kwa chimene wachita.

Tiyenera kumvana kaye za chimene tikuchitcha uchigawenga, chifukwa pa nkhani imeneyi maboma amasokoneza anthu mwadala. Boma la tsankho linkati Nelson Mandela ndi chigawenga, ndipo dzina lake linakhalabe pamndandanda wa anthu okayikiridwa ku America mpaka 2008, iye atakhala kale pulezidenti n'kupuma. Kwathu nako, m'nthawi ya chipani chimodzi, aliyense wogwirizana ndi Henry Masauko Chipembere ankanyozedwa pamisonkhano kuti ndi chigawenga, pamene nduna zitatu ndi phungu mmodzi ataphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, anthu anauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Dzina limene wolamulira wapatsa mdani wake silingatithandize. Chimene chingatithandize ndi kuyang'ana chochitikacho: kodi munthuyo anapha kapena kuopseza anthu wamba, amene sanali pankhondo, mwadala, pofuna kuti ena amve uthenga wake wa ndale? Ngati ndi choncho, umenewo ndi uchigawenga, kaya wochitayo wavala yunifolomu ya boma kaya akuti akumenyera ufulu. Apolisi a boma la tsankho anaphulitsa Khotso House, likulu la bungwe la mipingo muno mu Johannesburg, mu Ogasiti 1988, ndipo chaka chomwecho anatchera mabomba m'nyumba zoonetsera mafilimu zimene zinkaonetsa Cry Freedom, filimu yonena za Steve Biko. Amene anali nduna ya apolisi, Adriaan Vlok, anavomera zimenezi popempha chikhululukiro ku Truth and Reconciliation Commission (TRC), bungwe limene linkafufuza nkhanza za m'nthawi ya tsankho. Boma limene linkatcha anzake zigawenga linkaopa filimu mpaka kuitcherera bomba.

Pali chifukwa chimene uchigawenga ndi kamera zimayenderana. Msilikali pankhondo amafuna kugonjetsa msilikali mnzake, koma chigawenga chimapha munthu amene chilibe naye mlandu pofuna kuti anthu ambiri amene atsala amve, aope, kapena asirire. Popanda oonera, ntchito yake yalephera. N'chifukwa chake munthu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch, ku New Zealand, pa 15 Malichi 2019, anadzimangirira kamera n'kumaonetsa zonse pa Facebook zikuchitika, ndipo n'chifukwa chakenso nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, Jacinda Ardern, analengeza kuti sadzatchula dzina la wakuphayo. Wokonza filimu aliyense amene watenga nkhani ya chiwawa cha ndale amalowa m'vuto lomweli: akhoza kumalizitsa ntchito imene wakuphayo anaiyamba, ndiko kumupatsa oonera.

Tsono tibwere ku mafilimu awiri amene mwana wanu waonera, amene onse anatsogoleredwa ndi Mandla Dube. Kalushi ndi nkhani ya Solomon Mahlangu, mnyamata wa ku Mamelodi amene ankagulitsa malonda m'sitima, yemwe analowa Umkhonto we Sizwe, gulu la nkhondo la ANC, apolisi atawombera ana a sukulu ku Soweto mu 1976. Pa 13 Juni 1977, iye ndi mnzake Mondy Motloung, pothawa apolisi, anathamangira m'nyumba yosungiramo katundu mu Goch Street, pakatikati pa tauni yathu ino, ndipo anthu awiri ogwira ntchito mmenemo anawomberedwa n'kufa. Amene anawombera anali Motloung, koma anamenyedwa koopsa mpaka ubongo wake kuwonongeka moti sanathe kuzengedwa mlandu. Mahlangu, amene sanaphe munthu, anaweruzidwa kuti anali ndi cholinga chimodzi ndi mnzakeyo, ndipo ananyongedwa pa 6 Epulo 1979 ali ndi zaka 22. Filimu yofotokoza moyo wa mnyamata ameneyu mwachifundo siikunama, ndipo ine sindiiwerengera m'gulu la mafilimu otamanda uchigawenga. Kunyongedwa kwake kunali kupanda chilungamo. Komabe anthu awiri aja anapita ku ntchito m'mawa umenewo ndipo sanabwerere kwawo, ndipo mwana wanu akamaliza kuonera ayenera kuwakumbukira nawonso.

Silverton Siege ili ndi vuto lalikulupo. Zoona zake n'zakuti pa 25 Januwale 1980 anyamata atatu a Umkhonto we Sizwe, Stephen Mafoko, Humphrey Makhubo ndi Wilfred Madela, analowa m'banki ya Volkskas ku Silverton, ku Pretoria, n'kugwira anthu amene anali mkatimo, ndipo zina mwa zimene ankafuna ndi zakuti Mandela atulutsidwe m'ndende. Apolisi atalowa mwamphamvu, anyamata onse atatu anaphedwa, ndipo amayi awiri mwa ogwidwawo anamwalira. Filimu ya mu 2022 inasintha mayina, inaika mkazi pakati pa atatuwo, ndipo inawonjezera zochitika zambiri pofuna kuti woonera asachoke pampando. Opanga ake sanabise kuti anangotengapo maziko a nkhaniyo, koma mnyamata wa zaka 17 sasiyanitsa msanga mbiri ndi zokometsera. Iye amatsala ndi chithunzi cha anthu okongola, olankhula bwino, ogwira mfuti mosaopa, ndipo kugwira anthu wamba m'banki kumaoneka ngati njira yoonetsera kulimba mtima. Apa ndi pamene mawu akuti "amuna enieni" akuchokera.

Chimene mungamuuze mosakayika n'chakuti atsogoleri a nkhondoyo eniake sankaiona motero. Mandela, polankhula pa mlandu wa Rivonia pa 20 Epulo 1964, anafotokoza kuti iwo anaganizira mitundu inayi ya chiwawa, ndipo uchigawenga unali umodzi mwa iyo, koma anasankha kuwononga zinthu za boma monga mapolo a magetsi ndi maofesi chifukwa njira imeneyo sinkataya miyoyo ndipo inkasiya mpata woti mitundu ya anthu idzakhalirane bwino m'tsogolo. Mu 1980 Oliver Tambo, mtsogoleri wa ANC pa nthawiyo, anasainira ku Geneva kuti ANC idzatsata malamulo a nkhondo oteteza anthu wamba. Sikuti lonjezo limeneli linasungidwa nthawi zonse. Bomba la mu Church Street ku Pretoria pa 20 Meyi 1983, limene linatcheredwa pafupi ndi likulu la asilikali a ndege, linapha anthu 19 ndi kuvulaza oposa 200, ambiri a iwo anthu wamba, ndipo la ku Amanzimtoti pa 23 Disembala 1985 linapha anthu asanu pamalo ogulira zinthu Khirisimasi itayandikira. TRC, motsogozedwa ndi Desmond Tutu, inanena mu lipoti lake la 1998 kuti ulamuliro wa tsankho unali mlandu wolakwira anthu onse ndipo kuti kulimbana nawo kunali koyenera, koma inanenanso kuti cholinga chabwino sichiyeretsa njira iliyonse, ndipo kuti zina mwa zimene omenyera ufulu anachita zinali kuphwanya kwakukulu ufulu wa anthu. Mfundo ziwirizi zimaima pamodzi, ndipo filimu yoona mtima imazinyamula zonse.

Kuti muone mmene filimu imachitira zimenezi, palibe chitsanzo choposa The Battle of Algiers ya mu 1966, imene anatsogolera Gillo Pontecorvo. Filimuyi ili kumbali ya anthu a ku Algeria polimbana ndi atsamunda a ku France, ndipo mmodzi mwa atsogoleri enieni a oukira atsamunda mumzinda wa Algiers, Saadi Yacef, anathandiza kuipanga ndiponso anaseweramo. Imaonetsa apolisi a chitsamunda akuphulitsa nyumba za anthu osauka usiku, imaonetsanso asilikali akuzunza akaidi. Kenaka amayi atatu amadzikonza tsitsi ndi zovala kuti aoneke ngati azungu, amaika mabomba m'madengu, n'kudutsa pamalo ofufuzira anthu. Mmodzi wa iwo atalowa m'malo odyera n'kukankhira dengu lake pansi, kamera siithamangira kutuluka naye. Imayamba yazungulira pa nkhope za anthu amene ali mmenemo, wina akuseka, wina akumwa, mwana wamng'ono akunyambita ayisikilimu, ndipo mayi uja akuwayang'ana mmodzimmodzi akudziwa chimene chichitike pakapita mphindi zochepa. Mitembo ikamatulutsidwa m'zigumukire, nyimbo yachisoni imene imamveka ndi yomwe ija imene inamveka pamene ankatulutsa mitembo ya Aluya. Woonera akhoza kutuluka akukhulupirirabe kuti Algeria inayenera kumasulidwa, koma sangatuluke akuganiza kuti bomba lija linali chinthu chokoma. Ndipo bomba la ku Milk Bar, amodzi mwa malo odyera amene amayi aja anatchera mabomba ku Algiers, linaphulikadi pa 30 Sepitembala 1956, ndipo ena mwa amene anaduka ziwalo tsiku limenelo anali ana.

Ku Germany nkhaniyi inavuta kwambiri mu 2008 pamene inatuluka The Baader Meinhof Complex, yonena za gulu la Red Army Faction limene linapha anthu oposa 30 kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka pamene linadzithetsa mu 1998. Mkazi wamasiye wa Jürgen Ponto, mkulu wa banki amene gululi linamupha kunyumba kwake mu 1977, anabweza mendulo ya ulemu imene boma linamupatsa, posonyeza kukhumudwa ndi mmene imfa ya mwamuna wake inaonetsedwera. Koma mwana wa Hanns Martin Schleyer, mkulu wa olemba anthu ntchito amene anabedwa ndi kuphedwa chaka chomwecho, anayamikira filimuyo kuti inaonetsa anthuwo monga akupha opanda chisoni. Mabanja awiri ofedwa anaona filimu imodzi mosiyana, ndiye tisayembekezere kuti muyezo wake ukhala wapafupi. Kuona kwanga n'kwakuti filimu ikhoza kudzudzula chiwawa ndi mawu koma n'kumachikometsa ndi maso: osewera okongola, zovala zochititsa kaso, magalimoto othamanga, nyimbo zotentha magazi. Achinyamata amakumbukira zimene maso aona kuposa zimene zanenedwa kumapeto. Pamene Schleyer ankabedwa ku Cologne, dalaivala wake ndi apolisi atatu anaphedwa pomwepo, ndipo anthu otere, amene ankangogwira ntchito yawo, ndi amene mafilimu ambiri amawagwetsa m'kamphindi kamodzi osatiuza n'komwe kuti anali ndani.

Njira ina anaisonyeza Erik Poppe wa ku Norway mu filimu yake ya mu 2018, pofotokoza za kuphedwa kwa achinyamata pa chilumba cha Utøya pa 22 Julayi 2011, tsiku limene anthu 77 anaphedwa m'dzikomo. Kamera yake imakhala ndi mtsikana mmodzi amene akuthawa ndi kufunafuna mng'ono wake, ndipo wakuphayo amangooneka patali ngati mthunzi, osapatsidwa mpata wolankhula. Amenewo ndi maganizo a wokonza filimu amene wasankha kuti nthawi ya woonera ithere pa ophedwa.

Mwina mukufunsa mumtima ngati filimu ingasandutsedi munthu kukhala wakupha. Anthu ochuluka kwambiri amaonera mafilimu achiwawa ndipo sapha munthu, ndipo mwana wanu sali pangozi chifukwa chongokonda Kalushi. Koma mbiri ili ndi chitsanzo chimodzi chomveka bwino cha zimene filimu yotamanda chiwawa ingachite ikapeza anthu okwiya kale. Mu 1915 ku America kunatuluka The Birth of a Nation, imene inaonetsa gulu la Ku Klux Klan, lopha ndi kuopseza anthu akuda, ngati apulumutsi okwera pa akavalo. Gululo linali litazilala kwa zaka zambiri, koma chaka chomwecho linadzutsidwanso ku Georgia, linakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo linkagwiritsa ntchito filimuyo pokopa anthu atsopano. Filimu siinalenge chidanicho, koma inachiveka ulemu.

Chitsanzo chimenechi chikutikumbutsa kuti kutamanda wakupha si kwa mbali imodzi ya ndale. Janusz Waluś, mzungu wochokera ku Poland amene anawombera Chris Hani, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu cha South Africa, kunyumba kwake ku Dawn Park, ku Boksburg, pa 10 Epulo 1993, wakhala akulemekezedwa ndi magulu a tsankho ku Poland, mpaka kukweza nsalu za chithunzi chake m'mabwalo a mpira. Iwonso amati munthu wawo ndi mwamuna weniweni amene anachita zimene ena ankaopa. Mufunseni mwana wanu ngati angakondwere ndi filimu yoonetsa Waluś ali wokongola, nyimbo yabwino ikumuperekeza, Hani n'kungogwa m'kamphindi kamodzi. Akakana, ndipo adzakana, ndiye kuti wayamba kale kuona kuti kukoma kwa chithunzi sikutiuza ngati chochitikacho chinali cholungama.

Ife a ku Malawi okhala kuno tili ndi chifukwa chathuchathu chosamalira nkhaniyi, chifukwa malo amene mabomba a ndale anaphulika mumzinda uno ndi malo amene timapondamo tsiku ndi tsiku. Pa Park Station, pamene timalandirira abale otsika basi ndi kutumizira katundu kumudzi, John Harris wa African Resistance Movement anasiya bomba pa 24 Julayi 1964. Anaimba foni kuchenjeza, koma anthu sanachotsedwe, ndipo gogo wa zaka 77, Ethel Rhys, anamwalira, ena oposa 20 anavulala, kuphatikizapo mdzukulu wake amene anapsa kwambiri. Harris ankadana ndi tsankho mochokera pansi pa mtima ndipo ananyongedwa pa 1 Epulo 1965, koma gogoyo sanali boma. Pa 24 Epulo 1994, chisankho chitatsala masiku atatu, azungu ofuna kusokoneza chisankhocho anaphulitsa galimoto mu Bree Street, imene lero ndi Lilian Ngoyi, n'kupha anthu 9, ndipo mawa lake bomba lina linapha anthu 10 pamalo okwerera mataxi ku Germiston. Amene amafa pa malo otere ndi ogulitsa zipatso, olondera, oyembekezera galimoto yopita ku ntchito, anthu onga inu ndi ine. Mu Meyi 2008, chiwawa cholimbana ndi anthu obwera chitayambira ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa ndipo Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi atataya zonse. Amene ankanyamula zikwanje nthawi imeneyo nawonso ankakhulupirira kuti akumenyera anthu awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wa munthu wobwera akamaonera filimu yotere amadziona ngati wogwira mfuti, pamene m'moyo weniweni malo amene angapezekemo kawirikawiri ndi a munthu uja woima pamzere m'banki.

Nkhani ya John Chilembwe ingakuthandizeni, popeza ndi yathu ndipo nkhope yake ili pa ndalama zathu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapita ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce amene ankadziwika ndi nkhanza pa anthu a thangata, ndipo anamudula mutu. Azungu aamuna atatu anaphedwa, koma amayi ndi ana amene anagwidwa sanapwetekedwe, chifukwa Chilembwe analamula kuti asakhudzidwe. Atsamunda pobwezera ananyonga ndi kuwombera anthu ambiri ndipo anagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe. Timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo n'koyenera kutero, koma munthu wamkulu amatha kunena nkhani yonse: thangata, mutu wodulidwa uja, lamulo loteteza amayi ndi ana, ndi kubwezera kwa atsamunda. Tsiku limene Mmalawi adzapange filimu yaikulu ya Chilembwe, tidzamuyeza ndi muyezo womwewu.

Pa mawu akuti ena onse anali amantha, pamenepo musamusekerere, chifukwa ndi bodza limene kamera imabala mosafuna. Mfuti imajambulika mosavuta, pamene msonkhano wa usiku, kusonkha ndalama za mabanja a omangidwa, kapena kuyenda wapansi miyezi itatu ndi zinthu zovuta kuzisandutsa filimu yokoka anthu. Koma anthu a ku Alexandra anakana kukwera mabasi mu 1957 n'kumayenda wapansi kupita ku tauni ndi kubwerera. Amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings pa 9 Ogasiti 1956 kukana mapasi. Ana a sukulu a ku Soweto pa 16 Juni 1976 anakumana ndi zipolopolo atanyamula zikwangwani, ndipo mu 1987 anthu oposa 300,000 ogwira ntchito m'migodi ananyanyala ntchito kwa milungu itatu akudziwa kuti ambiri achotsedwa. Kwathu, ulamuliro wa chipani chimodzi unagwedezeka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, ndi Chakufwa Chihana amene anatsika ndege mu Epulo chaka chomwecho akudziwa kuti amangidwa, ndiponso ndi mavoti a pa 14 Juni 1993. Palibe wamantha pakati pa anthu amenewa. Mupite naye ku Hector Pieterson Museum ku Orlando West, kapena ku Constitution Hill ku Braamfontein kumene kunali ndende ya Number Four, akaone yekha kuchuluka kwa anthu amene anavutika opanda mfuti m'manja.

Mukakhala pansi kuonera naye, musamulalikire. Filimu ikatha mufunseni kuti amene anafa anali ndani, ngati tinauzidwa mayina awo, ndiponso kuti nyimbo inkamveka bwanji pamene ankagwa. Kenaka mufufuze limodzi zimene zinachitikadi ndi kuzifananiza ndi zimene mwaonera. Zaka za oyenera kuonera zimene Film and Publication Board, bungwe la boma lounika mafilimu, imalemba pa filimu zingakuthandizeni pa ana aang'ono m'nyumbamo, ngakhale kuti nambala imeneyo siingakuuzeni ngati filimuyo ikulemekeza ophedwa. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa kwenikweni ndi china: ngati mnyamatayo atayamba kunena kuti anthu a mtundu wina, chipembedzo china kapena chipani china sayenera kukhala ndi moyo, ngati akusunga ndi kutumizirana ndi anzake mavidiyo a anthu akuphedwa zenizeni, kapena ngati pali munthu wamkulu wosadziwika amene akulankhula naye mobisa pa intaneti n'kumamuuza kuti asakhulupirire makolo ake. Zikafika pamenepo nkhani si ya filimunso, ndipo muyenera kuitana amalume ake, mphunzitsi amene amamukhulupirira, kapena mlangizi wa pasukulu pake kuti akuthandizeni msanga.